Mlongo Wanga Anasewera ndi Dzina la Eni

Akochi aja anamupeza mlongo wanga akukweza matumba a kabichi pa lole ku Biriwiri. Anaimitsa galimoto n'kutuluka, mimba ili patsogolo, wezulo ili pakhosi ngakhale panalibe bwalo lililonse pafupi. Sanafunse ngati mnyamatayo anaugwirapo mpira. Anangomuuza kuti akweze mkono, n'kumuzungulira ngati munthu wogula ng'ombe pamsika.

Madzulo ake anali atakhala kale pampando pakhomo pathu. Anati amaphunzitsa timu ya basiketibolo pa koleji ina mumzinda, ndipo timuyo anaipeza ili chigonere, iwo ndiwo anaidzutsa. Anatchula "ine, ine" mpaka tiyi wawo anazizira. Ife tinamvapo mawu amodzi okha, sukulu. Mlongo wanga anakhoza bwino Folomu 4 koma malo ku koleji sanapezeke, ndipo nkhaniyi inkawadya abambo mumtima.

"Bambo, mwanayu ndipatseni," anatero akochiwo. "Malo a sukulu ndi nkhani yaing'ono. Akuluakulu onse kumeneko amamvera ine."

Abambo, munthu amene anavutika zaka zambiri ku Joni osagwadira kapitawo aliyense, anawombera m'manja munthu wa wezulo.

Chaka chinatha. Tikafunsa pafoni za maphunziro, mlongo wanga ankangoti zikukonzedwa. Za mpira ndiye zinkayenda. Timu yonyozeka ija inayamba kukwapula anzawo, akochi n'kumamveka pa wailesi akukamba za masomphenya awo. Masomphenya ake ati? Kuzungulira m'misika kusaka ana a eni ataliatali?

Timuyo itafika mu fainolo, ine ndi abambo tinakwera minibasi pa Boma osamuuza mlongo wanga. Abambo anavala jekete lawo la kutchalitchi. Mlongo wanga atalowa m'bwalo ndinalephera kudzigwira, ndinalulutira mpaka anthu kucheuka. Ankasewera mwanayo, inu! Koma ataponya mpira n'kulowa, wolengeza pa chimkuzamawu anatchula dzina lina, ndipo gulu lonse linayamba kuimba dzina lomwelo. Ndinkayesa walakwitsa. Anaponyanso, dzina lomwe lija.

Mtsikana wina amene anakhala pambali pathu anatifotokozera akutafuna tchipisi, ngati nkhani yodziwa aliyense. Mpikisanowo unali wa ophunzira okhaokha, ndiye akochi ankabwereka mayina a ophunzira osasewera mpira n'kuveka anyamata awo akumudzi. Anatilozera mwini dzina, kamnyamata kakafupi ka magalasi, kakuwombera m'manja dzina lake lomwe. Mlongo wanga m'kalasi anali asanapondemo phazi. Ankagona m'chipinda chosungiramo mipira.

Ndinapsa mtima. Abambo anangopitiriza kuonera mpaka masewero kutha.

Anapambana ndithu. Anyamata ananyamula akochi m'mwamba, ndipo katunduyo anawatulutsa thukuta. Atawatsitsa, akochi anatiwona n'kubwera manja ali tambasu, opanda ndi manyazi omwe.

"Bambo! Mwaona mmene ndamukonzera mwana wanu?"

"Ndaona," anatero abambo. "Nanga sukulu?"

"Chaka chamawa, bambo, musade nkhawa. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Chaka chamawa chimenecho mpaka lero sichinafike.

Mlongo wanga anaima kumbuyo kwawo, mendulo ili pakhosi, maso ali pansi. Kwathu munthu akachita chachikulu timamuthokoza pomutchula chiwongo chake, ndipo abambo ankatero ngakhale mwana wangowapatsa madzi akumwa. Ndinaona mlongo wanga akudikira mawu amenewo. Abambo anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anamupatsa dzanja mwaulemu, dzanja lina litagwira pamkono.

"Mwasewera bwino, achimwene," anatero. "Kaya ndinu mwana wa yani, koma mukakafika kwanu mukawapatse moni bambo anu."