Chikwama Chimene Bambo Anga Ananyamula ku Chileka

Bambo anga anali ndi khalidwe limodzi limene aliyense kwathu ku Lirangwe ankawadziwa nalo: mlendo sankafika pakhomo pathu katundu ali m'manja. Akangomuona wapatuka pamsewu, ankasiya chimene akuchita, n'kukamuchingamira pamtengo wa mango umene uli kumapeto kwa bwalo, n'kumulandira katundu. Kaya ndi thumba la mbatata, kaya ndi nkhuku yomanga miyendo, kaya ndi kajumbo chabe ka sopo, ankalandira. M'makomo mwa anzathu ntchito imeneyi amatuma ana, koma iwo ankati kutuma mwana n'kumuuza mlendo kuti wakupeza pa nthawi yolakwika. Amayi ankawaseka kuti tsiku lina adzalandira katundu wakuba, apolisi n'kuwapeza naye m'manja.

Anali mphunzitsi wamkulu wopuma pantchito, komanso mkulu wa mpingo. Jekete ndi tayi sankazisiya ngakhale mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo.

Ine ndimagwira ntchito ku Chileka, m'kashopu kogulitsa zakumwa ndi mayunitsi pafupi ndi bwalo la ndege. Pamalo ngati amenewa munthu wakuda sachedwa kukumbutsidwa khungu lake. Ena amalowa osapereka moni, n'kungoloza ndi chala chimene akufuna. Ena amandiyankhula mokuwa ndi modukizadukiza ngati ndine wogontha. Mayi wina anatulutsa kansalu n'kupukuta dzanja lake litangokhudzana ndi langa. Bambo wina ananditcha gelo, ngati kamtsikana kantchito, ine ndili ndi ana awiri a kusekondale. Sindikunena kuti onse ali choncho. Ambiri amagula madzi awo n'kumapita. Ndipo ifenso eni ake sitili bwino kwenikweni: ndaona m'tauni mlonda akumenyera mzungu sawasha pageti, ine wobwera pambuyo pake n'kundipisa m'chikwama.

Zinthu zimenezi ndinazolowera kuzisenza. Munthuyo umamuona nkhope, umamutukwana chamumtima, akatuluka umamupatsa dzina, n'kuseka ndi mnzako wa pashopu. Pofika nthawi yoweruka zimakhala zasungunuka.

Mpingo wathu uli pa ubale ndi mpingo wina wa ku Ulaya. Chaka china anatitumizira alendo asanu ndi mmodzi, ndipo bambo anga, chifukwa cha Chingerezi chawo, anasankhidwa kuperekeza abusa kukawalandira ku bwalo la ndege. Ndinapempha ola limodzi kuntchito kuti ndikaime nawo.

Woyamba kutuluka anali mtsikana wamtali, wansangala, chikwama chachikulu chili kumsana. Anati "muli bwanji" wake amene anachita kuloweza m'ndege, ife n'kumuyankha mokondwa ngati wanena chinthu chanzeru. Bambo anga anatambasula manja kuti alandire chikwama chija. Mtsikanayo anakana, koma iwo anamuuza m'Chingerezi chawo cha m'kalasi kuti kuno mlendo sanyamula katundu mwini khomo akuona. Anachikoleka paphewa, pamwamba pa jekete, msana n'kuwerama pang'ono chifukwa chinali cholemera. Mtsikanayo anaseka mwamanyazi. Mnzake wina anajambula chithunzi.

Pambuyo pake panabwera bambo wina wa m'gulu lomwelo, wonenepa, foni ili kukhutu. Sanawayang'ane bambo anga. Anangowakankhira sutikesi yake kudzanja limene linatsala, n'kuliza zala kuti atsogole ku galimoto. Anawayesa onyamula katundu a pabwalopo.

Mtima wanga unawira. Ine ndili ndi pakamwa, ndipo ndinali nditatsegula kale, koma bambo anga anandiyang'ana kamodzi, ndinatseka. Ananyamula zonse ziwiri mpaka pa minibasi ya mpingo. Pamenepo abusa anayamba kudziwitsa anthu, ndipo atafika pa bambo anga anati awa ndi mkulu wa mpingo, aphunzitsi a theka la anthu amene mukawaone Lamulungu, ndiponso ndi amene azikumasulirani. Bambo wonenepa uja anafiira mpaka m'makutu. Anapepesa kawiri, katatu, mawu akumuthawa.

Loweruka nditapita kumudzi ndinaiyambitsa nkhaniyo, ndikadali wokwiya. Bambo anga anangoseka.

"Amene uja sanaleredwe bwino," anatero. "Koma waona mmene anachitira manyazi? Munthu wochita manyazi amaphunzitsika."

"Ndiye munanyamuliranji, ababa?"

"Ndikanaitaya pansi? Mlendo ndi mame, mwanawe. Sabata imodzi yokha."

Ndipo anamuphunzitsadi. Lamulungu anamumasulira mawu ake m'tchalitchi, ndipo pambuyo pake anatiuza kuti anachita kuwakonzako apa ndi apo chifukwa mwini wake ankangozungulira. Pofika tsiku lonyamuka, bambo uja ndi amene ankawanyamulira bambo anga Baibulo ndi ambulera. Nkhani ya sutikesi inathera pomwepo, ndipo kunyumba inasanduka yoseketsa alendo.

Patapita masabata awiri, mnzanga wa pashopu anandipatsa foni yake n'kundifunsa ngati awa si bambo anga. Anali iwo. Mtsikana uja anaika chithunzi chija pa tsamba lake la mchezo, ndi mawu abwino othokoza mmene tinawalandirira. Munthu wina anachitenga, n'kudula mawuwo, n'kuchiika pa tsamba lina la anthu ambirimbiri. Chimene chinatsala ndi ichi: nkhalamba yakuda ya jekete ndi tayi, itawerama ndi chikwama, pambali pake mtsikana wachizungu akuseka, manja ali lende. Bambo woliza zala uja sanaonekemo. Chigongono chake chokha ndi chimene chinalowa m'mphepete mwa chithunzi.

Ndinawerenga zimene anthu analemba pansi pake nditaimirira kuseri kwa firiji. Akunja ena anaika zithunzi za anyani. Wina analemba kuti anthu amenewa analengedwera ntchito yomweyi. Ena ankamva chisoni, chisoni chake chija chomvera bulu wa pangolo. Kenako panali a kwathu, olemba m'Chichewa, ndipo iwo ndi amene anali ambiri. "Madala awa utsamunda sunawatuluke m'mutu." "Kapolo wa tayi." "Akufuna awasiyire nsapato zakutha." "N'chifukwa chake dziko lino silitukuka."

Ndinamenya nkhondo masiku atatu. Ndinalemba kuti ameneyu ndi bambo anga, kuti amalandira katundu wa aliyense, kuti analandirapo dengu la mayi wogulitsa masamba amene anangosochera njira. Wina anandiyankha kuti mwana wa kapolo ndi kapolo. Wina anati ndikuteteza chifukwa nanenso ndimadyera pomwepo. Ndikayankha mmodzi, ankabwera anayi. Panalibe nkhope yoti ndiiyang'ane, panalibe woti atuluke m'shopu kuti ndimuseke ndi mnzanga. Ndikaweruka, zinkakwera nane minibasi. Bwana wanga anandichenjeza kuti makasitomala akuima ine maso ali pafoni. Mtsikana uja atamva anachotsa chithunzi chake n'kundilembera mawu opepesa, akuoneka kuti walira, koma chinali chitachoka kale m'manja mwake.

Loweruka lotsatira ndinapita ku Lirangwe. Bambo anga anandichingamira pamango paja monga mwa masiku onse, n'kundilandira jumbo ya shuga ndi buledi. Sankadziwa kanthu. Foni yawo ndi ya mabatani, yoimbira ndi kumvera wailesi basi.

Amayi anali atamva kale kwa amayi anzawo a kumpingo. Anandikokera kukhitchini.

"Usawauze bambo ako," anatero. "Zisiye zife zokha."

"Ndiye dziko lonse lizidziwa, eni ake osadziwa?"

"Dziko lonse lake liti? Pano pafika ndani kudzawanena? Iwe pakamwa pakopo padzakupweteketsa."

Sindinawamvere. Nthawi imeneyo ndinkadziuza kuti munthu ali ndi ufulu wodziwa zimene akunenedwa. Lero ndikhoza kunena zoona zake. Ndinatopa kukwiya ndekha, ndinkafuna wina woti akwiye nane. Komanso chichokereni tsiku la ku Chileka lija ndinali nawo kanthu kumtima chifukwa cha sutikesi ija. Ndinkafuna aone kumene ulemu wawowo watifikitsa.

Titadya masana ndinawapeza pakhonde n'kuwapatsa foni. Anavala magalasi, n'kuyamba kuwerenga okha, chala chikutsetsereka pang'onopang'ono ngati akuchonga mayeso. Pa chithunzi anamwetulira kaye, n'kunena kuti tayi inakhota. Atafika pa anyani paja anagwedeza mutu.

"Awa sanayambe lero," anatero. "Tinawamva tili anyamata."

Atafika pa za m'Chichewa chala chinaima. Anawerenga, n'kubwerera m'mwamba, n'kuwerenganso.

"Awa ndi ana a konkuno?"

"Eya, ababa."

"Kwawo mlendo amalowa ndi katundu wake kumutu?"

Analoza ndi chala dzina lina pafonipo.

"Uyu wanena za kapoloyu amakhala kuti? Mwina nditamufotokozera angamve. Sakudziwa mmene zinayendera."

Ndinawauza kuti sangamupeze, kuti mwina dzinalo si lake n'komwe, kuti ine ndafotokoza masiku atatu koma palibe wamva. Anafunsa kuti ndi anthu angati aona. Ndinati ambiri. Anafunsa ngati chingafufutidwe. Ndinati ayi.

Mkwiyo umene ndinkaufuna uja sunabwere. Anandibwezera foni ndi manja awiri, anapinda magalasi, n'kunena kuti akukaona mbuzi.

Pa intaneti nkhaniyo sinathe sabata ina. Kunabwera ya woimba wina amene anasiya mkazi, anthu onse n'kuthamangira kumeneko. Ndikukhulupirira kuti amene analemba za kapolo wa tayi lero sangakumbuke n'komwe. Nanenso kuntchito moyo unabwerera mwakale: wina kuloza ndi chala, wina kukuwa, ine ndi mnzanga kuwapatsa mayina.

Mwezi wotsatira kunabwera azakhali, alongo awo a bambo anga, kuchokera ku Chigaru, dengu la nandolo lili pamutu. Amayi ndi amene anandiuza. Akuti bambo anga anaimirira, anapita mpaka pamango, anapereka moni, kenako anabwerera nawo limodzi dengu likadali pamutu pa azakhali. Azakhaliwo atatula anafunsa amayi monong'ona ngati achimwene akudwala msana, kapena ngati pali mawu amene anawalakwira. Amayi anati ndi msana. Ine anandiuza nkhaniyi osandiyang'ana, akusankha nyemba.

Chaka chotsatira alendo a ku Ulaya anabweranso, ena atsopano. Bambo anga anapitanso ku Chileka, jekete ndi tayi zili m'malo. Anawalandira ndi Chingerezi chosalala, manja ali kumbuyo. Alendowo anakoka okha masutikesi awo mpaka pa minibasi, ndipo sanaone chachilendo chilichonse, poti kwawo ndi mmene amachitira. Wina anajambula chithunzi. Chimenecho palibe analembapo kanthu.

Ndinayesapo kuikonza nkhaniyi. Ndinawauza kuti anthu aja anaiwala kalekale, kuti ndi achinyamata osowa chochita, kuti pa intaneti aliyense amatukwanidwa, ngakhale abusa ndi mafumu. Anavomera zonse. Anati ndikunena zoona. Bambo anga satsutsana ndi munthu pa nkhani imene atseka.

Ndimapitabe kumudzi Loweruka, kamodzi pa masabata awiri alionse. Ndimatsika minibasi pa Lirangwe, n'kuyenda kamtunda kaja ndi jumbo yanga. Akandiona ndapatuka amadzuka pakhonde n'kubwera mpaka pamango, poti miyendo sinaiwale. Amandifunsa za ulendo, za ana, za kuntchito, kenako timayenda limodzi kupita kunyumba, iwo manja ali kumbuyo.

Ulendo wina ndinanyamula dala zambiri: shuga, mafuta ophikira, sopo, ndi nsomba zouma za amayi. Titakumana pamango ndinawatambasulira jumbo ija.

"Ababa, tandilandirani. Ikulemera."

Dzanja lawo linasuntha, ndinaliona. Kenako anayang'ana kumsewu, kumene anyamata a kabaza amakhala pa njinga zawo mitu ili pa mafoni. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene ankatiyang'ana.

"Limba, mwanawe," anatero. "Tafika kale."

Ndinainyamula ndekha mpaka pakhonde.