Bulangete la Esinta

Dzulo ndinagula bulangete kumsika, ndipo fungo lake la m'sitolo linandibwezera kwa Kaphuka, sabata imene tinkakonzekera kusamukira ku Linthipe.

Abambo anali atapeza ntchito yaulonda kumeneko. Tinakumba mbatatesi zonse, amayi anakulunga mbale m'zitenje, nkhuku tinagawira achibale. Kenako amayi anabwera ndi bulangete lofiira, latsopano, n'kupatsa mng'ono wanga Esinta. Ine ndinatsala ndi lakale lonunkha utsi.

"Nanga langa lili kuti?" ndinafunsa.

"Iwe uzikhala pafupi ndi ine," anatero amayi, osandiyang'ana.

Sindinamvetse. Masiku atatu sindinamuyankhule Esinta. Akamadutsa atalifunda m'chisanu cham'mawa, ndinkamutsina. Ndinafika polipaka matope mwadala.

Tsiku losamuka, abambo anandikweza pamwamba pa matumba m'lole. Esinta sanakwere. Amayi aakulu, omwe analibe mwana, anamugwira dzanja, chifukwa ankatsala nawo. Lole itanyamuka Esinta anawapulumuka, n'kutithamangira mpaka pamlatho akundiitana.

Zinanditengera zaka kuti ndione kuti mwa awirife, woyenera kuchitiridwa nsanje ndinali ine.