Tsitsi m'futali

Kuseri kwa nyumba ya sukulu imene anandipatsa nditatumizidwa kunyanja kuno kulibe dothi, kuli mchenga. Ukathira madzi amangolowa ngati wathira m'dengu. Ine wobadwira ku Dedza, kumene mbatata timachita kudyetsa nkhumba, zinkandiwawa kugula chilichonse, mpaka masamba a ndiwo.

Koma chinkandiwawa kwenikweni ndi mbale. Kuseri kwa mpanda wanga kunkakhala mayi wina wachisilamu, mkazi wa mwini boti la usipa. Ndinafika ndili ndekha, wopanda mwamuna, wopanda m'bale, ndipo mayiyu ndi amene anandionetsa kotunga madzi abwino, n'kundisamala malungo atandigwetsa. Mwezi wa Ramadani ukakwana, dzuwa likangolowa iwo n'kumasula kusala, ankandipatsira pamwamba pa mpanda mbale ya futali, mbatata yotendera nsinjiro, ikadali yotentha. Kuno mbale yotere sumaibweza yopanda kanthu. Ine ndinkaikamo shuga kapena sopo wa m'golosale, ndipo manyazi ankandigwira. Ndinkafuna tsiku lina ndipereke chotuluka m'manja mwanga.

Ku boma, pafupi ndi kumtaya, kunali amuna ena amene ankaunjika zinyalala za m'tauni, zikawola n'kumagulitsa ngati manyowa. Mmodzi anatapa pamwamba pa mulu n'kundionetsa. Manyowawo anali akuda bii, osalala, onunkhira dothi la mvula yoyamba.

"Awa ndi akupsa, madamu," anatero. "Ngakhale mutadzala pamwala zimera."

Ndinagula, koma manyowa amene anabwera pangolo sanali amenewo ayi. Pamwamba paja anali atasefa kuti akope opusa ngati ine. Nditayamba kumwaza ndinapezamo majumbo, zitsekero za mabotolo, magalasi osweka, mabatire otupa, ndi matewera a ana otaya aja, amene sawola ngakhale uwapempherere. Lina nditalinyamula linaphulika m'manja, n'kutuluka zoterera. Ndinasanza pomwepo. Kwa masiku angapo ndinkatola nyansizo dzanja nditalikulunga m'jumbo, ndikutukwana anthu a m'tauni amene amataya makoko a nthochi ndi chimbudzi cha mwana malo amodzi. Zimene maso anaona ndinachotsa. Zotsalazo ndinakwirira m'mizere n'kudzala mbatata.

Sindinganame, mphamvu anali nayo manyowawo. Kholowa anayanga mpaka kukwera mpanda, wobiriwira moti odutsa ankaima. Mizere inang'ambika ndi mbatata, ndipo inakhwima Ramadani itangoyamba. Pokumba ndinaona zina zitakulungidwa ndi tizingwe takuda. Ndinatisolola, n'kutsuka bwinobwino, n'kudzaza beseni. Ndinalikweza pampanda mtima uli m'mwamba.

"Mashaallah! Za m'mchenga muno, aphunzitsi?" mayi aja anakuwa. "Lero bambo amasulira zimenezi."

Madzulo ake ndinakhala pakhonde kudikira mbale. M'malo mwake ndinamva mwamuna akutsokomola kuseri kwa mpanda, kenako kudzikoka kwa munthu amene chinthu chamukola pakhosi. "Astaghafirullah!" anakuwa, mbale n'kugwa pansi. Tsiku limenelo pampanda sipanabwere kanthu.

M'mawa mayi aja sanaitanire pampanda monga mwa masiku onse. Anazungulira, n'kuodira pakhomo ngati mlendo. M'manja anali ndi tsamba, patsambapo chidutswa cha mbatata yophika. Tsitsi lalitali linalowera mbali iyi n'kutulukira mbali inayo, ngati wachita kulisokerera ndi singano. Linzake, anatero, bambo anachita kulikoka kuchokera kukhosi, munthu atasala tsiku lonse. Polankhula sankandiyang'ana kumaso. Ankayang'ana m'mutu mwanga, momwe munali meshi, tsitsi logula lija, lakuda ndi lalitali chimodzimodzi.

"Aphunzitsi, ndinakulakwirani chiyani ine?" anafunsa motsitsa mawu. "Ngati mukuwafuna bambowa, chipembedzo chathu chimalola. Mukanangonena, osati kudzera m'chakudya."

Aliyense amadziwa chimene tsitsi la mkazi wosakwatiwa limatanthauza likapezeka m'mbale ya mwamuna wa mwini. Ine amene ndinasanza chifukwa cha thewera, lero ndine wothira mankhwala a chikondi! Ndinangotenga khasu n'kunena kuti, "Tiyeni, mayi."

Ndinagaula mzere umene unali usanakumbidwe. Khasu linakodwa. Nditakoka panatuluka chimtolo cha tsitsi, chodzaza manja awiri, mbatata zikulendewera mmenemo. Ndinagaula pena, panatuluka malukidwe athunthu, ena ofiira, ena achikasu, za m'mitu ya akazi a m'tauni amene sindidzawadziwa, zosesedwa m'masaluni ndi litsiro lake lomwe. Meshi ndi pulasitiki, sawola, ndipo m'manyowa akuda saoneka. Ndinathyola mbatata imodzi pakati. Tsitsi linali mkati mwenimweni, mbatata itakulira molizinga. Mayi aja anatseka pakamwa ndi nsonga ya mpango n'kutembenukira kumbali. Ine ndinalavulira pansi, pokumbukira kuti dzulo lake ndinadya ziwiri zowotcha ndikudziyamikira.

"Ndaona, aphunzitsi," anatero. "Ndikawauza bambo. Mundikhululukire mawu aja."

Loweruka ndinapita kumtaya kuja tsitsilo lili m'jumbo, n'kukalikhuthula pamapazi pa wondigulitsa uja. Sanachite n'komwe manyazi. Analikankha ndi phazi kulibwezera pamulu womwewo.

"Nanga mbatata sinabereke, madamu?" anandifunsa. "Ife sitisankha zimene anthu amataya."

Ndinachoka ndisanachite zoti ndichotsedwe ntchito. Mbatata yonse ndinakaitaya kudzenje, ngakhale mbuzi sindinafune kuti zilawe. Mpaka lero mvula ikakokolola mchenga kuseriko, tsitsi limatumphuka ngati likumera, ndipo ndimalavula ndikaliona. Meshi ndinamasula sabata lomwelo, sindinaikenso.

Patapita masiku, dzuwa litalowa, ndinamva kuitana pampanda. Inali mbale ija, yodzaza futali, koma wa chinangwa. Ndinailandira ndi manja awiri, ndikuganiza kale zoti mawa ndikagule mpunga wabwino ndiikemo.

"Mbaleyo muzingobweza choncho, aphunzitsi," mayi aja anatero, akumwetulira mwaulemu. "Bambo akuti musamavutike."

Ndinadya pang'ono, zina zinandikanika. Ndinaitsuka, n'kuipukuta, n'kuikweza pampanda yopanda kanthu. Ramadani iliyonse imabwerabe yodzaza, ndipo ine ndimaibweza choncho.