Tigalimoto ta Amalume Tikugwira Chambo

Lachitatu lapitali ndinaona galimoto ya ku America itagona chagada pamchenga, kugombe lina kupitirira Malindi. Inali itamangidwa chingwe chodutsa m'mawindo, ndipo inkanunkha chambo.

Musafulumire kunena kuti mlembi wanu wayamba kumwa dzuwa lili pamutu. Galimotoyo inali yongokwana m'chikhatho. Kagalimoto kachitsulo, kofiira, ka mizere iwiri yoyera kuyambira pamphuno mpaka kumbuyo. Ndinakazindikira msanga chifukwa ndinakapukutapo fumbi kwa zaka zinayi.

Kanali ka amalume anga, malemu Che Bwanali, telala uja ambiri a inu a pa boma munkawaona pakhonde la sitolo pafupi ndi msika, tepi ili m'khosi.

Amalume anapita ku migodi ya ku Joni katatu. Anzawo pobwerako ankanyamula mawailesi, mabulangete ndi zikhothi zolemera, zodzavala kuno ku Mangochi kumene ngakhale buluzi amasaka mthunzi. Iwonso ananyamula zawo, kuphatikizapo makina osokera. Koma pansi pa bokosi, m'kati mwa masokosi, ankabisamo tigalimoto. Ulendo uliwonse titatu. Tonse pamodzi tinakwana tisanu ndi tinayi, ndipo tonse ta mtundu umodzi: ta ku America, ta zitseko ziwiri, mphuno yaitali ngati ya ng'ona, mimba yotsala pang'ono kukhudza pansi. Zitseko zinkatseguka. Ukatukula boneti unkapeza injini yaing'ono ngati njere ya mtedza, mapaipi ake onse ali m'malo.

Amalumewo sanagwirepo chiwongolero moyo wawo wonse. Anali munthu wa njinga, ndipo akafika pamlatho ankatsika n'kuikankha.

Lachisanu lililonse akachoka ku mzikiti ankalowa m'chipinda, kutseka chitseko, kutsegula kabati, n'kutindandalika patebulo. Fumbi ankachotsa ndi nthenga ya nkhuku. M'mateyala ankadonthezamo mafuta a makina osokera ndi nsonga ya singano, dontho limodzilimodzi. Akatha ankasankha kamodzi, kukakankha pang'ono, n'kumalira kukhosi ngati injini, maso atatsinzina.

Ine ndinalowa bwanji m'chipindamo? Owerenga akale mukudziwa kuti maphunziro apamwamba ndinawalawa chaka chimodzi ndi theka, kenaka aphunzitsi ndi ine tinagwirizana mwaulemu kuti tisapitirize kuvutitsana. Nditabwerera kunyumba, pakhomo panali ngati pagwa maliro, kungoti malirowo ankadya ndi kupempha sopo. Aliyense anali ndi funso. Amalume okha ndiwo sanafunse kanthu. Anandiitana Lachisanu lina, anatseka chitseko, n'kundipatsa nthenga.

"Gwira ngati ukugwira diso," anatero. "Aka kali ndi mapisitoni asanu ndi atatu. Kakanyamuka ku Joni m'mawa, chakudya chamasana ukadyera ku Halale."

"Munaionapo yeniyeni yake, amalume?"

"Kamodzi. Inadutsa ndili pamzere wa basi. Ndinaimva m'mimba ndisanaione ndi maso."

Tsiku lina tikubwezera m'kabati anati, "Ndikadzapita, timeneti udzatenge ndiwe. Enawa akuona ngati zidole." Panalibe mboni. Zinthu zimene amuna awiri amauzana atatseka chitseko chifukwa cha manyazi sizikhala ndi mboni.

Mwezi wathawu inachitika sadaka yokumbukira kuti patha masiku makumi anayi chimwalirireni amalume. Ashehe atatsiriza mapemphero, ife titatsiriza mpunga, katundu wa malemu anayalidwa pamkeka kuti agawidwe. Makina osokera anatsalira amayi a pakhomopo, palibe anatsutsa. Panatsala njinga, mikanjo iwiri, jekete, nsapato, ndi tigalimoto tija, titathiridwa m'beseni ngati usipa. Pabanja pathu mwana wa mlongo ndiye amayamba kuloza, ndipo mwana wa mlongoyo ndi ine. Ogawa anali Che Amadu, mng'ono wa malemu.

"Che Koleji," anatero, poti ndilo dzina limene abale anandipatsa kuti ndisamaiwale. "Lozani."

Dzanja langa linali litanyamuka kale, likulunjika ku beseni. Pomwepo mkulu wina kumbuyo anati, "Koma anzathuwa analinso ndi chibwana. Ndevu zoyera, kumasunga zoseweretsa." Anthu anaseka, kuseka kwa pa sadaka kuja, kwapansipansi. Maso onse anali pa ine, munthu amene ngakhale analephera, anapondako ku koleji, ndiye ayenera kudziwa kusiyanitsa chuma ndi zinyalala.

Dzanja linakhota lokha. Linaloza jekete.

Jeketeyo ndili nayo. Amalume anali aafupi, choncho manja ake amandithera pafupi ndi chigongono. Ndikaivala ndimaoneka ngati munthu amene akukulabe akuyenda.

Beseni linapita kwa msuweni wanga Yusufu, mwana wa malemu, amene ndi msodzi, poti panalibe wina wolifuna.

Akuluakulu anati manyazi anapha lambe. Lambeyo sindinamuonepo, koma ndikukhulupirira kuti anamuika m'manda atavala jekete ngati yanga.

Tiyeni tifunsane, abale. Kodi munthu wamkulu kwathu kuno amaloledwa kukonda chiyani? Chodyedwa, chovalidwa, chokwera, kapena choswana. Woweta nkhunda timamulemekeza chifukwa tsiku lina tidzamudyera ndiwo. Wa bawo timamusiya chifukwa amasewera pagulu, ndipo tikadutsa timaimanso n'kumuuza poponya. Koma munthu angosunga chinthu chifukwa choti akachiona mtima wake umakhala pansi, timayamba kumuyeza. Ngati si chibwana ndiye misala. Ngati si misala ndiye mankhwala. Ndinamvapo mayi wina kuchigayo akuuza mnzake kuti tigalimoto ta Che Bwanali n'timene tinkawakokera makasitomala, ngati kuti munthu sangasoke buluku lowongoka popanda chizimba.

Ndiye anthu amabisa. Ndikudziwa kalaliki wina wa pa boma amene ali ndi buku lodzaza ndi masitampa a maiko akutali, ndipo amalisunga pansi pa matiresi ngati kalata ya chibwenzi. Mkazi wake amaganiza kuti ndi buku la ku ofesi. Tsiku limene kalalikiyo adzatsikire kuli chete, masitampawo adzayatsira moto wa madzi osamba. Adzalakwa ndani? Woyatsayo sanauzidwepo kanthu.

Nkhani ya beseni inandidya milungu itatu. Lachitatu ndinaika khadi la chipani m'thumba monga nzika yabwino, ndinakwera matola, kuwoloka mlatho, ulendo wa kwa Yusufu kukapempha zanga. Mawu ndinawakonzeratu m'njira, ndipo anali mawu abwino kwambiri.

Ndinamupeza pansi pa mtengo ndi asodzi anzake asanu, akusoka machela, ukonde uja amautchera n'kuusiya m'madzi. Kunsi kwa ukonde wotere amamangirirako miyala kuti uime chilili. Pa ukonde wa Yusufu, pakati pa mwala ndi mwala, panali America.

"Asuweni," ndinatero, "ichi n'chiyani?"

"Sayansi imeneyo, Che Koleji. Simunafike pamenepo asanakuthamangitseni?" Anzake anaseka. "Mwala umapulumuka pamfundo. Aka ukaboola mawindo n'kupisa chingwe, walahi sikachoka. Ndipo kamamira mowongoka. Bambo anasiya zinthu zanzeru, kungoti sankadziwa ntchito yake."

"Tigalimototi tinalipo tisanu ndi tinayi," ndinatero.

"Tinayi tinatsala pansi sabata yatha. Mwera unakokera ukonde pamatanthwe, tinachita kudula."

Ndinatola kofiira kaja. Utoto unali utayamba kusupuka, teyala limodzi kulibe. Ndinayesa boneti. Inatseguka bwinobwino, mafuta a amalume akugwirabe ntchito, ndipo m'injini munatuluka mchenga.

Yusufu si chitsiru. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anasolola mpeni n'kuuika pachingwe.

"Inu ndi amene munkalowa m'chipinda muja Lachisanu," anatero. Sankasekanso. "Ine ndinkangomva kulira kuseri kwa chitseko. Ngati mukutifuna nenani, ndidule pompano. Miyala ili mbwee pagombe pano."

Mmodzi mwa asodziwo, mkulu wa mano owerengeka, analowerera osasiya kusoka. "Akatani nato? Mwana alibe, mkazi alibe. Kapena azikakwera popita ku ofesi?"

Anaseka onse kupatula Yusufu. Mpeni unali pomwepo, pachingwe, ukudikira. Mawu amene ndinakonza pa matola aja ndinawafufuza m'matumba onse, osawapeza.

"Ayi," ndinatero, ndi liwu la munthu wophunzira. "Ndimangofuna kuona. Mwina ndilembepo m'nyuzipepala za luso la asodzi athu."

Yusufu anagwedeza mutu pang'ono, anapinda mpeni wake. Anandipatsa nsomba ziwiri za chambo zoti ndinyamule, monga amachitira msuweni wabwino, ndipo tsiku lomwelo ukonde unabwerera m'madzi.

Choncho ndalemba, monga ndinalonjezera. Luso la asodzi athu ndi lalikulu ndithu.

Chimene ndinalephera kunena pamaso pa amuna asanu ndi mmodzi ndikuchinena pano pamaso pa dziko lonse, poti papepala munthu akamakuseka sumumva. Tigalimoto timeneto ndimatikonda, ndipo amalume anandisiyira ine. Tsoka lake n'lakuti Yusufu sawerenga nyuzipepala. Ikamupeza amakulungiramo usipa.

Mwera sunathe, ndipo tigalimoto tija tatsala tisanu. Matola a Loweruka alipo. Koma pagombe paja ndikapeza asodzi omwe aja, pansi pa mtengo womwe uja, mkulu wa mano owerengeka ali pakati. Inu amene mumadziwa kuseka pa sadaka, ndithandizeni: munthu wa ndevu amayambira pati kunena kuti wabwera kudzatenga zidole zake?