Kampeni ka Amalume Kadetsa Khonde la ku Kansenshi

Lamlungu lapitali, titatuluka ku Misa, ndinapalasa njinga kuchoka kwathu ku Twapia kupita ku mayadi a ku Kansenshi, muno mu Ndola, kukaona amalume anga, a Gabiriyele Phiri. Amalumewa anayamba kutsika mumgodi ku Kitwe ine ndisanabadwe. Ntchito yawo inali yoimika mitengo yochirikiza denga kuti miyala isagwere anthu. Chifuwa chitayamba kulira ngati mvukuto, a kampani anawathokoza mwaulemu kwambiri, n'kuwapempha makiyi a nyumba. Ndiye pano akusungidwa ndi mwana wawo Dominiko, msuweni wanga.

Dominiko si munthu wamba, abale. Ufulu utangobwera anamupatsa ofesi m'boma, tayi, ndi nyumba imene munkakhala mzungu wina, ya khonde lofiira lopakidwa polishi moti ntchentche ikatera imaterereka.

Pakhonde pamenepo m'pamene ndinkawapeza amalume, kampeni kali m'manja, akusema. Sagulitsa ayi. Manja anangozolowera mtengo. Akatola kachidutswa ka mlombwa, pofika madzulo chatuluka chipande, kapena chipeso, kapena kamtanda kopachika pakhoma. Ana a m'banja mwathu onse ali ndi timagalimoto ta mawilo oyenda, ndipo palibe mlamu amene sanalandireko mthiko.

Tsikulo pakhonde panali mbee, popanda ngakhale kachibanthu kamodzi.

"Mdala ali kuti?" ndinafunsa.

"Tawakonzera malo awo kuseli," anatero Dominiko. "Awe msuweni, iwenso mvetsa. Pano pamabwera mabwana a ku ofesi. Folo koloko tili pa tiyi, mdala ali pakhomo na kampeni, zinyalala mbwee! Nanga anthu aziti tili ku komboni?"

Ankalankhula zimenezi atatsamira kabati. Pamwamba pa kabatiyo panali njovu ziwiri zosema ndi ng'ona imodzi, zogula m'sitolo ya m'tauni mmene amagula alendo ochokera kunja. Zimenezo ndiye zachitukuko, mwamva? Mtengo ukasemedwa ndi munthu amene simukumudziwa umakhala pabalaza n'kumapukutidwa fumbi m'mawa uliwonse. Ukasemedwa ndi atate anu ndi zinyalala.

Kuseliko mukukudziwa. Nyumba iliyonse ya ku mayadi ili ndi kanyumba kumapeto kwa mpanda, kachipinda kamodzi, kamene mzungu ankagonekamo boyi wake. Tinakuwa mpaka mawu kusasa kuti zimenezi zithe. Zathadi! Mzungu wapita, boyi wapita. Koma nanga kanyumba kabwinobwino kangokhala kopanda munthu? Mwayi wake tili ndi makolo.

Musaganize kuti ndi Dominiko yekha. Yendani ku mayadi a ku Ndola kuno kapena ku Kitwe, musuzumire kuseli. Mupeza mayi wokalamba akuluka mkeka, bambo akusema ndodo, onse ataikidwa poti alendo asawaone. Mkuwa ukugulidwa bwino, malipiro akwera, tagula mipando yofewa ndi wailesi yaikulu ngati bokosi la maliro. Chimene chatisowa ndi malo oika munthu amene anameza fumbi kuti ife tiphunzire kumanga tayi.

Amalume ndinawapeza atakhala pa chitini pakhomo pa kanyumbako. Anandilonjera mosangalala, osadandaula kanthu. Tizibanthu tonse ankatolera m'chipewa kuti tisauluke n'kukadetsa kapinga wa mwana wawo. Pamenepo mtima unandiwawa, ndisanene bodza.

"Lero mukusema chiyani, amalume?"

"Mpini, mphwanga."

"Mpini wa khasu? Mulima pati muno mu Kansenshi?"

"Ku Katete," anatero, osadzutsa mutu. "Mvula isanagwe ndikwere basi. Kumeneko munthu ukasema, zinyalala zimapita pamoto."

Ku Katete, kumudzi kwathu! Munthu amene anachokako ali mnyamata, amene akakwera masitepe atatu amaima kuti apume. Munda wawo anagawana kalekale ena, ndipo amene ankawadziwa ambiri ali kumanda. Khasu limenelo adzalikweza kangati?

Ndinayamba kutukwana Dominiko chamumtima, ndipo ndinali nditakonza kale mawu okoma oti ndimulembe patsamba lino. Amalume anandiyang'ana pang'ono n'kufunsa kuti, "Nanga kwanu ku Twapia, khonde lilipo?"

Apa ndiye anyani amasekana zikundu. Ife Achewa tonse tikudziwa kuti mwini wa malume ndi mwana wa mlongo wawo. Amene ananditenga kumudzi ndi iwowa, amene anandilipirira sukulu ndi iwowa. Ndiye ine, mlembi wanu wolungama, ndinayankha chiyani? Ndinati zipinda ndi ziwiri zokha, ana ndi asanu ndi mmodzi, ndiyambe ndakambirana ndi amayi a kunyumba. Ndinayankhula bwino kwambiri, ngati kalaliki wa kampani ija.

"Palibe kanthu," anatero amalume, n'kupitiriza kupala mpini wawo.

Lero ndi Lachinayi ndipo amayi a kunyumba sindinawauzebe. Mitambo yayamba kale kusonkhana chakumadzulo, ndipo amalume sachedwa ndi mtengo, mpini ngati umenewo ndi wa masiku awiri. Inu amene mwakhala mukupukusa mutu ndi Dominiko kuyambira pamwamba pa tsambali, tandiuzani: pa ife awiri, amene wawakweza basi ndani?