Kachingwe ka Ukonde

Sukulu yathu ya sekondale ku Kafue ikatsegulira chaka, ana a giredi eiti amafika ngati nkhuku zogula kumene. Amaima motsamira khoma, nsapato zazikulu kuposa mapazi, maso ali pansi. Ine ndaphunzitsa jogirafe kumeneko nthawi yaitali ndipo mantha awo sandidetsa nkhawa, amatha okha monga chimfine. Inenso ndinanjenjemera tsiku limene atate, amene anachoka ku Petauke kudzagwira ntchito ya njanji, anandisiya pa geti koyamba. Koma masiku ano mantha sawalola kutha okha. Anawapangira pulogalamu.

Mwini pulogalamuyo anali mphunzitsi wachinyamata wa Chingerezi, wongotuluka kumene ku koleji, wa nsapato zosongoka ndi mawu osafuna maikolofoni. Lamlungu ankalalikira m'katchalitchi ka malata kufupi ndi fakitale ya fetereza. Lachisanu masana ankasonkhanitsa ana atsopano m'holo ndi kuwaimitsa kutsogolo mmodzimmodzi kuti anene kwawo ndi chimene akufuna kudzakhala. Ndisamunamizire, ambiri zinawathandiza. Ana a ku Shimabala amene ankalankhulira m'mphuno anayamba kukweza manja m'kalasi, ndipo ahedi ankamutchula pa msonkhano uliwonse mpaka ife akale makutu kutiwawa.

M'kalasi langa munali mtsikana wa ku Chanyanya, mwana wa msodzi. Amayi ake anamwalira iye ali wamng'ono, ndipo m'tauni ankakhala kwa azakhali ake. Papepala anali wanzeru zoopsa, koma ukamuloza kuti ayankhe, pakamwa pankauma. Ankangogwira dzanja lake lamanzere pamene panali kachingwe kobiriwira ka nayiloni, komangidwa mfundo yachilendo. Akakagwira kanthawi, yankho linkatuluka, lonong'ona koma lolondola. Anzake ankatseka mphuno iye akamadutsa, ati akununkha nsomba.

Tsiku lina ndinamufunsa za kachingweko.

"Ni ba tate bananimanga, ba madamu," anatero. "Ku Chanyanya aliyense ali na mfundo yake pa ukonde, kuti ukapita na madzi bantu bazibe mwine wake. Banakamba ati na ine nikasoba mu tauni, bazaziba kuti ndine wa ndani."

Atate akewo ndinkawadziwa. Lachisanu lililonse, akagulitsa nsomba kumsika, ankaima ndi njinga yawo pa geti la sukulu. Ankavulira chipewa aliyense, ngakhale mapirifekiti. Mwana akatuluka ankagwada pambali pa njinga, iwo n'kugwira dzanja lija, kuyang'ana mfundo, kuikoka ndi mano kuti ilimbe, kenako n'kumupatsa kaphukusi ka milamba yowamba kopita kwa azakhali. Sankalankhulana zambiri. Bambo ameneyu analibenso wina padziko, ndipo zinkaonekera m'mene ankakokera mfundoyo.

Nthawi ya mtsikanayu yoima kutsogolo m'holo itakwana, ndinalipo. Anaima, natsegula pakamwa, osatuluka kanthu. Dzanja linapita pa kachingwe, ndipo mphunzitsi uja anaona.

"Ni chani icho pa kwanja? Unachichosa kuti?"

"Ni ba tate, ba sa. Ni cha ku ukonde."

Nkhope ya mphunzitsiyo inawala ngati watola kanthu pamsewu. Anatembenukira ana onse nawauza kuti lero aona ndi maso kumene mantha amachokera. Mwanayu, anatero, anamumangirira ku mizimu ya m'madzi, ndipo chingwecho ndicho chamugwira lilime.

Ndinaimirira. "Ba sa, icho ni chingwe chabe. Musiyeni mwana."

"Ba madamu," anayankha akumwetulira, "vintu va mzimu sivioneka pa mapu."

Holo yonse inaseka. Ndinayang'ana ahedi, iwo n'kundikodola kuti ndikhale pansi, tisasokoneze mnyamata pa ntchito yake. Wina anathamangira sizasi. Ana anazungulira mtsikanayo akupemphera mokuwa, omwe aja otseka mphuno ndiwo anali patsogolo. Iye anabisa dzanja kukhwapa akulira, koma mphunzitsiyo anati alire ndithu, ndiye kuti zikutuluka. Kachingwe kanadulidwa n'kugwa pansi, ndipo mphunzitsiyo anakakankhira panja ndi nsonga ya nsapato.

Chimene chimandipweteka mpaka lero n'chakuti zinatheka. Mwana amene ankadya yekha kuseri kwa kalasi anapezeka ali ndi gulu. Ankamutcha sisita, kumusungira malo, kumuperekeza kunyumba. Mphunzitsi uja anamutenga ngati chionetsero chake, namuphunzitsa kuima chilili, kuyang'ana anthu m'maso, kutulutsa mawu kuchokera m'mimba. Anamuphunzitsanso kuti munthu amene amamanga mwana wake ku mtsinje ayenera kufunsidwa kuti mkazi wake anafa bwanji. Izi ndinazimva kwa ana ena, ndipo nditakadandaula ku ofesi anandiuza kuti ndili ndi nsanje.

Mtsikanayo anasiya kupita ku geti. Atate ake ankaima padzuwa mpaka ana onse kutha, chipewa chili m'manja. Ndikawauza kuti mwana ali m'holo, ankagwedeza mutu mokondwa, ati sukulu ndi yofunika, asamusokoneze.

Kumapeto kwa temu kunali tsiku la makolo, ndipo mtsikanayu ndiye anasankhidwa kulankhula m'malo mwa ana atsopano. Atate ake anabwera atavala jekete lalikulu mapewa, loonekeratu kuti n'lobwereka, naima kumbuyo kwenikweni kwa holo. Mwana anakwera pa nsanja osanjenjemera ngakhale pang'ono. Anayamba m'Chingerezi, mawu omveka mpaka kunja. Atate ake sankamva kanthu, koma iye akangopuma ankaomba m'manja okha, akuyang'ana uku ndi uku kuti anthu adziwe mwini mwana.

Kenako mphunzitsi uja anaimirira nati mwanayo abwereze m'Chinyanja, makolo onse apindule.

"Nenze mu mdima," anatero mtsikanayo. "Bamene bananibala bananimanga ku mizimu ya mu Kafue. Banatenga ba mayo, benze kufuna na ine. Manje chingwe chinajubiwa na sizasi. Siniyopa muntu aliyense, ndipo ku Chanyanya nilibe tate."

Amayi ena analulutira. Ahedi anaimirira poomba m'manja. Ndinacheuka kumbuyo ndipo ndinaona manja a bambo uja ali m'mwamba, otseguka, ngati aiwala chimene amachita nawo.

Bamboyo anamudikirabe mwana wake pa geti. Mwana atatuluka pakati pa anzake, iwo anaitana, "Mayo, bwela nikuone." Anatambasula dzanja kuti agwire pamene ankagwira nthawi zonse. Iye sanagwade. Anaika manja onse kumbuyo nawayang'ana m'maso, monga anamuphunzitsira.

"Musanigwire, imwe."

Anadutsa ndi gulu lake akuimba. Bamboyo anapisa dzanja m'thumba la jekete, ndipo ndinaona nsonga ya kachingwe kobiriwira katsopano. Anakabwezera momwemo. Kenako anandiona nditaima pafupi.

"Ba madamu," anatero, "uja mwana enze sakamba, olo kunyumba. Ni ba ticha bati bamufundisa kukamba so?"

Ndinawalozera. Mphunzitsiyo anali pakhonde, akulandira moni wa makolo. Bamboyo anamasula phukusi lonse la milamba pa njinga, napita nalo, navula chipewa, nagwada pa simenti ndi jekete lobwereka lija.

"Zikomo, ba sa. Mwanisebenzela nchito yaikulu."

Ndinaganiza kuti mphunzitsiyo akana, poti nsombazo zinachokera m'madzi omwewo, zogwidwa ndi ukonde wa mfundo yomweyo. Analandira ndi manja awiri. Lolemba, tikumaliza kulemba malipoti, chipinda cha aphunzitsi chinadzaza fungo la mlamba wa tomato. Iye anali pakona ndi nshima yake, malaya atapinda, akuyamwa mutu wa nsomba.

"Ba madamu, bwelani tidye," anandiitana. "Ni yabwino maningi."

Ndinatuluka. Sindinadanepo ndi munthu ngati mmene ndinadanirana naye masana amenewo, ndipo sizinathebe.

Njinga ija sindinaionenso pa geti. Mtsikanayo tsopano ali m'makalasi apamwamba, ndi pirifekiti, ndipo amalankhula bwino kuposa aphunzitsi ena. Chaka chino ahedi anamupatsa ntchito yolandira ana a giredi eiti. Ndinamuona akuyenda pamzere wawo m'mbali mwa khoma, akumwetulira, akuwauza kuti asaope. Mwana aliyense amene ankamupatsa moni, mtsikanayu ankayamba wamuyang'ana pa dzanja.