Tsiku Limene Galimoto ya Bambo Inakana Kuwanyamula

Ndinadzuka tambala asanalire, ngakhale sindikudziwa ngati ndinagonadi. Ndinali nditatsamira khoma pakati pa amayi a mpingo, bokosi la bambo lili pamphasa patsogolo pathu. Nyimbo zinali zitachepa mphamvu. Panja pankamveka injini ya galimoto yathu ikulira pang'onopang'ono, monga inachitira chiyambire madzulo. Palafini anali atatha, ndiye amalume analamula kuti ailize kuti nyali zake ziziunikira anthu pabwalo. Ndinkamva kuti ikutsokomola, koma sindinauze munthu. Kusanayere bwino inazima yokha.

Bambo anali mkamwini kuno ku Chifunga. Kwawo ndi ku Magaleta, ndipo akudwala ananena kangapo kuti adzaikidwe pafupi ndi mayi awo. Adzukulu a kumeneko anatumiza mawu kuti ayamba kukumba m'mamawa, ndipo manda sagona osakwirira. Galimoto ina m'dera lathu munalibe. Pikapu yakale ya bamboyo ndi imene inkanyamula chimanga, odwala ndi maliro a anthu ena onse.

Kutacha, moto unayatsidwa kuseri kwa nyumba. Anthu ankafika m'magulumagulu, ena atasenza nkhuni, ena ufa m'timbale tovindikira. Aphunzitsi athu anabwera ndi atsikana a m'kalasi mwanga, ine n'kuweramitsa mutu. Kunali kotentha kopanda kamphepo, ndipo kumapiri mitambo inkasonkhana. A tcheyamani a chipani analankhula nthawi yaitali, koma maso a amuna ambiri anali pa galimoto.

Bambo aang'ono, amene anabwera kuchokera ku Magaleta kudzatenga mtembo, ndiwo ankadziwa kuyendetsa. Anayesa kuiliza, inakana. Anakoka choki, kachitsulo kowonjezera petulo injini ikazizira, n'kumapopa petulo ndi phazi. Amuna anaikankha kutsika nayo mpaka pa mtengo wa mango, n'kuibwezanso. Kanayi konse. Fungo la petulo linafika mpaka m'nyumba momwe tinakhala.

Kenako mawu anayamba kukwera.

"Achimwene anga sagona kuno," anatero bambo aang'ono.

"Ndiye muwasenze pamutu, alamu," amalume anayankha. "Mvula ikagwa, mtsinje uja muwoloka bwanji? Kumanda kwathu kuno malo alipo. Dzuwa likafika pamutu, tikumba konkuno basi."

Ine ndinkadziwa chimene chavuta. Kuyambira ndili Sitandade 5 ndinkawagwirira bambo masipanala. M'kope momwe ndimalemba za tsiku lililonse muli mawu awo onena za mapulagi, tizitsulo toyatsa moto mu injini: pulagi ikada ndi mwaye wouma, petulo wachuluka, ikanyowa ndi oyilo, injini yakalamba. Galimoto ija sankailola kulira nthawi yaitali itangoima, ankati imadzitsamwitsa ndi utsi wake womwe. Koma mwana wa malemu satuluka m'nyumba ya maliro, ndipo ine ngakhale m'kalasi sindikweza mkono. Ndinaimirira katatu, katatu konse n'kukhalanso. Kachinayi ndinangoona ndili pakhomo.

Ndinagwada chapatali. "Amalume, ndi mapulagi."

"Ukuti chiyani? Kweza mawu, iwe."

"Mapulagi ada. Yalira usiku wonse itangoima."

Amalume anayang'ana kumbali, poti ndiwo analamula zoiliza. Bambo wina anaseka chapansipansi. "Taonani, makaniko wa chitenje wafika."

"Musiyeni mwanayo," anatero bambo aang'ono. "Ife a mathalauza takankha mpaka thukuta, tapindulanji?"

Sipanala ya mapulagi inali pansi pa mpando, yokulungidwa m'kansanza. Ndisanazule mawaya ndinawamanga ndi udzu, woyamba mfundo imodzi, wachiwiri ziwiri, mpaka wachinayi, chifukwa ukawasokoneza injini singalire. Pulagi yoyamba anandimasulira bambo aang'ono. Inali yakuda bii, kunsonga kwake yonyowa ndi petulo. Zina zitatu chimodzimodzi.

Ndinapita nazo kumoto. Mayi wina wophika anandiyang'ana n'kunena kuti, "Kodi lero tidyera zitsulo?" Komabe anandikokera makala pambali ndi chikuni. Ndinaika nsonga za mapulagi pamakalapo mpaka petulo anauma ndipo mwaye unayamba kutuwa. Zitazizira ndinazikwecha ndi burashi ya waya, n'kuuzira. Mpata wa kunsonga, umene moto umadumphapo, ndinauyesa ndi kachidutswa ka sowo kamene bambo ankasungira ntchito yomweyo. Pulagi imodzi inali yoyasama kwambiri, ndinaigogoda pang'ono pamwala. Mithunzi inali itafupika. Ndinaona amuna awiri atatenga kale makasu, ataima pafupi ndi amalume.

Nditazibwezera ndinauza bambo aang'ono, ndikuyang'ana pansi, kuti choki asakokenso, aponde mpaka pansi osapopa. Batire inali itafooka, ndiye amuna anaikankhanso. Inadutsa mtengo wa mango ili duu. Ndinatseka maso. Kenako inatsokomola, inaphulika kawiri, n'kutulutsa utsi wakuda umene unaphimba njira yonse, ndipo inalira.

Palibe anaomba m'manja. M'nyumba amayi anayamba kulira mokweza kuposa usiku, chifukwa tsopano zinadziwika kuti bambo akuchokadi.

Bokosi analiika kumbuyo, ife achibale tinakhala m'mbali mwake. Khamu linatiperekeza likuimba mpaka kumapeto kwa mudzi, ena anathamanga pang'ono kenako n'kuima. Njira yonse ndinkamvetsera injini osati nyimbo. Pa chitunda chilichonse ndinkagwira mpweya. Mtsinje tinawoloka madontho oyamba akugwa, ndipo ku Magaleta tinapeza adzukulu atakhala pa mulu wa dothi, akuyang'ana kunjira. Bambo anaikidwa kudzanja lamanja la mayi awo. Mvula inali yowaza chabe, inatha tisanachoke kumanda.

Tinafika kunyumba dzuwa litalowa. Anthu anali atabalalika, moto utazima, mphasa zitapindidwa. Achibale ochepa amene anatsala anagona msanga. Mayi anakhala pakhonde, ine ndinakhala pambali pawo. Tsiku lonse sanandilankhule, ndipo ndinkaopa kuti akwiya poti ndinatuluka m'nyumba ya maliro.

Patapita nthawi anati, "Itakana galimoto ija, mumtima ndinakondwa. Ndinati agona pafupi, ndizikawasesera."

Za zimenezo sindinaganizeko m'pang'ono pomwe.

"Pepani, amayi."

"Usapepese. N'kumene ankafuna." Anandikokera pafupi n'kundifunditsa mbali ya chitenje chawo. "Koma ku Magaleta n'kutali, mwanawe. Uzidzandiperekeza."

Tinakhala pomwepo mpaka udzudzu unatilowetsa m'nyumba.